Uthenga Wosatsukika

Sindinauzepo munthu aliyense kuti kwa masabata angapo ndinkayenda ndi uthenga wa bambo anga pamtima, osaufikitsa. Unali waufupi. Anandipatsa m'mawa wina ndikupukuta nsapato pakhonde, iwo akuyang'ana kumbali ngati akulankhula ndi nkhuku.

"Falesi, uwauze amayi ako kuti mvula ikangoyamba ndinyamuka. Ndikupita ku Joni. Msuweni wanga Bizwell wandipezera ntchito."

Amayi anali kuseri kwa nyumba, pafupi poti akanakhosomola tikanawamva. Ndinangoti, "Chabwino, Ada," n'kuvala nsapato zija imodzi isanawale.

Kwathu ku Kande bambo timati Ada, mayi timati Ama. Ada ndi Ama anasiya kulankhulana ndili Fomu 2. Chinayambitsa ndi mtengo wa mango umene agogo, bambo awo a Ama, anabzala asanamwalire. Ada anaudula osafunsa kuti aseme bwato. Ama sanalalate. Anangoima n'kuyang'ana chitsa chija, ndipo kuyambira pamenepo mawu onse a m'nyumba anayamba kudzera mwa ine. Auze abambo ako. Auze amayi ako. Kutchalitchi ankapita limodzi, kumaliro limodzi, moti anthu ankatitama kuti ndife banja lofatsa. Inenso kufatsa kwanga kunayambira pomwepo. Munthu ukamasenza mawu a ena tsiku lililonse, ako omwe amasowa podzera.

Nditalemba mayeso a Fomu 4, aphunzitsi ena anandiuza kuti bungwe loteteza nsomba ndi mitengo, limene ofesi yake ili cha ku Chintheche, likufuna wothandiza. Kumeneko ndiko ndinakumana ndi anti Dailesi.

Anti Dailesi sankabzala mitengo. Sankalanda maukonde oletsedwa. Pazithunzi za bungwe simukanawapeza, chifukwa wojambula anali iwowo. Ankakhala pakatebulo ka pafupi ndi zenera, mafoni awiri pambali, kompyuta yakale patsogolo, ndi bolodi la choko kumbuyo pamene ankalembapo kumene aliyense wapita. Komabe tsiku limene anadwala dzino, galimoto inapita ku Mpamba anthu akuidikira ku Tukombo, ndipo abwana anakafika pamsonkhano umene unali utasinthidwa kale.

Kwawo kunali ku Ntcheu. Chitonga chawo chinali chopindika ngati khasu lakale, koma sankachita nacho manyazi. Akamaimbira wapampando wa komiti ya kumudzi, ankayamba ndi moni wa Chitonga, mkuluyo n'kuseka mpaka kutsokomola, kenako ankafunsa za mwendo wotupa uja, za mdzukulu amene anabadwa, za mpunga wa ku Limphasa. Nkhani ya msonkhano inkabwera kumapeto, ngati angoikumbukira.

"Mayunitsi akutha, anti," ndinawanong'oneza tsiku lina.

"Athe," anatero. "Munthu wamkulu sumulembera timawu tiwiri pafoni ngati ukuitana kabaza. Ukatero abwera thupi lokha, mtima ausiya kunyumba."

Ndinkawayang'ana mobisa. Mmene ankapanira foni ndi phewa kwinaku akulemba uthenga wa pa wailesi. Mmene ankasankhira chithunzi choti chipite mu lipoti, n'kukana chokongola chifukwa mayi wina waoneka nsalu itang'ambika. Ndinkafuna kukhala ngati iwo, koma sindikananena. Ine foni ikalira, thukuta linkayamba m'manja.

Ntchito yawo yaikulu, imene sinalembedwe paliponse, inali a Killion ndi a Ephraim. A Killion ankayang'anira makomiti a nsomba, a Ephraim a mitengo. Bungwe linali ndi galimoto imodzi, ndipo amuna awiriwa anakanganirana galimotoyo kalekale mpaka kusiya kupatsana moni. Chilichonse chinkadzera kwa anti Dailesi.

Tsiku lina a Ephraim analowa ndevu zili njenjenje.

"Mayi Dailesi, mumuuze mkulu wa nsombayo kuti galimoto si ya agogo ake. Lachinayi ndi yanga. Ngati akufuna, akwere pamsana pa chambo."

Atangotuluka, anti anaimba foni.

"Achimwene a Killion, mwaswera? A Ephraim akupempha. Machubu a mbande akuyenera kufika ku Mpamba Lachinayi, apo ayi amayi a nazale adikira pachabe. Inu Lachisanu lingakuvuteni?"

Foni inali yotsegula mawu, choncho ndinamva yankho. "Auzeni atenge. Koma aitsuke, asaisiye ikununkha manyowa ngati khola."

Madzulo ake anti anauza a Ephraim kuti, "A Killion avomera ndi mtima wonse. Angopempha kuti dalaivala aitsuke pobwera."

Ndinaseka mogwira pakamwa. Anti anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ukuseka chiyani? Ndanama?"

"Ayi, anti."

"Sindinama ine. Ndimatsuka. Uthenga umabwera ndi matope. Ndimachotsa matope, nsalu ndimapereka yonse."

Mawu amenewo ndinapita nawo kunyumba ngati munthu watola singano. Madzulo omwewo Ama anati, "Auze abambo ako kuti denga likudontha, kapena akufuna tidzagone ngati abakha." Ndinapita kwa Ada n'kugwada.

"Ada, Ama akupempha kuti mukapeza mpata muone denga mvula isanabwere."

Ada anandiyang'ana modabwa. M'mawa mwake anakwera padenga. Atatsika anati, "Auze kuti ndakonza, asiye kung'ung'udza." Ine ndinati, "Ama, Ada akuti akonza, musadere nkhawa." Tsikulo ndiwo za Ada zinali ndi mutu wa nsomba.

Ndinasangalala kwambiri. M'nyumba munayamba kupepuka. Zitseko zinasiya kumenyetsedwa. Ndinkadziona ngati anti Dailesi wamng'ono, ndipo ndinkaganiza kuti tsiku lina, ndikapitiriza kutsuka, awiriwa adzangopezeka akuseka limodzi. Sindinaone kuti ndikuwayalira mphasa yofewa yoti akhalepo chete mpaka kalekale.

Kenako unabwera uthenga wa ku Joni uja.

Ndinayesa kuutsuka. M'minibasi popita ku ntchito ndinkautembenuza uku ndi uku. Ama, Ada akuti akufuna kukayesa mwayi. Ama, Ada akuti achokapo pang'ono. Ama, Ada akuganizira za tsogolo lathu. Ulionse unkamveka bodza, chifukwa kwathu kuno tikudziwa mmene Joni amamezera anthu. Ena amabwerako ndi malata ndi njinga zamoto. Ena amangotumiza chithunzi chimodzi ataima pambali pa galimoto ya eni ake, basi, mpaka ana kukula. Ndipo mwamuna amene wachoka osatsanzika ndi pakamwa pake, adzabwerera kwa yani?

Kukana sindikanatha. Akuti kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndiye ndinauviika uthengawo. Ada akandiyang'ana mofunsa, ndinkathawira kumjigo. Iwo ankaganiza kuti Ama amva ndipo alibe nazo ntchito, choncho nkhope yawo inkaumirabe. Ama sankadziwa kanthu. Kumapiri mitambo inayamba kusonkhana masana alionse.

Lolemba lina kunatentha kwambiri. Ndinali kusanja zithunzi pa kompyuta pamene foni ya anti inalira. Anaitsegula mawu chifukwa manja awo anali ndi choko.

"Mayi Dailesi, zavuta kuno ku Tukombo." Anali a Killion, koma mawu awo anali ang'ono ngati a mwana wasukulu.

Komiti ya nsomba inali italanda maneti a udzudzu amene anthu ena ankakokolera tiana ta nsomba m'mbali mwa nyanja. A Killion analamula kuti awotchedwe anthu akuona, pabwalo limene anthu amasonkhana. Pambali pa bwalolo panali nazale ya a Ephraim, yofoleredwa ndi udzu wouma. Mphepo inatembenuka. Neti yoyaka imadontha ngati phula ndipo imauluka. Pamene anthu ankathamanga ndi zidebe, mthunzi wonse unali utagwera pa mbande za mbawa ndi mtangatanga zimene amayi a m'mudzimo anathirira kuyambira nyengo yozizira.

"Pali wapsa?" anti anafunsa.

"Palibe."

"Yambani mwathokoza Mulungu. Zatsala zingati?"

"Mzere umodzi wa kumapeto. Mayi Dailesi, muwauze a Ephraim. Inu mumadziwa kaikidwe kake."

Anti anaika choko pansi. Anapukuta zala pa chitenje pang'onopang'ono.

"Galimoto ndikutumizirani pompano. Amayi a nazale ndiwaimbira. Abwana ndiwauza. Koma a Ephraim muwauza ndinu."

"Aaa, mayi! Munthu uja andimeza wamoyo."

"Ndi mimba yanuyo? Simungadutse pakhosi. Bwerani."

"Chonde, mlongo wanga. Kamodzi kokha."

"Achimwene, ndakunyamulirani zambiri ndipo ndidzakunyamuliraninso. Uwu wokha ayi. Ndi wanu."

Anadula foni. Ine ndinamva ngati uthenga wakanidwawo ndi wanga.

Zimene anachita pambuyo pake sindidzaziiwala. Anatumiza dalaivala. Analemba pa gulu la pafoni la ogwira ntchito kuti pasapezeke woika chithunzi cha moto mwini nazale asanamve. Anaimbira wapampando wa amayi a ku Tukombo n'kumusiya alire, iwo akungoti, "Pepani, ama, pepani," osamudula. Anaimbira mayi Violet a nazale ya ku Kande kufunsa ngati ali ndi mbande zotsala, ndipo atamva kuti zilipo zochepa, anaimbiranso a ku Mpamba. Anafufuta tsiku lobzala pabolodi n'kulisunthira kutsogolo. Kwa abwana, amene anali ku Mzuzu, analemba zimene zachitika momveka bwino, osabisa dzina, osawonjezera tsabola. Pomaliza anaimbira a Ephraim, amene anali ku Limphasa ndi njinga yamoto.

"Mudzere ku ofesi. A Killion ali nanu mawu."

"Nenani inuyo, monga mwa masiku onse."

"Si anga."

"Ndiye kuti kwagwa chinthu."

"Bwerani bwino, musathamange."

Anatulutsa mipando iwiri n'kuiika pakhonde moyang'anizana. Anandituma tiyi. A Killion anafika malaya ali ndi mwaye, nsidze imodzi itawauka. A Ephraim anafika pambuyo pake. Anti anawapatsa moni onse awiri, anaika makapu, anandikoka dzanja n'kutseka chitseko. Tinakhala mkati, zenera lili lotsegula pang'ono.

Kenako tinamva a Killion akulankhula motsitsa, nthawi yaitali ndithu. Mpando unagwa.

"Pambali pa udzu wouma! Mwezi uno! Kodi m'mutu mwanumo muli usipa?"

"Ndalakwa, a Ephraim."

"Mwalakwira ine? Mbande zija si zanga! Ndi za amayi amene asenza madzi pamutu inu mukuyenda pa galimoto. Mwana wa sitandade wani akanakuuzani kuti pamalo paja mphepo imatembenuka dzuwa likakwera."

"Mukanandiuza ndinu."

"Munandifunsa?"

"Ndikanakufunsani bwanji, moni womwe simuyankha?"

Ndinaimirira. Sindikudziwa kuti ndinkafuna kukachita chiyani, mwina kukatola mpando. Ine phokoso la anthu akuluakulu limandiopsa. Anti anandigwira pamkono.

"Khala pansi. Asiye. Sukumva? Akulankhulana."

Ndinakhala. Iwo anavula magalasi n'kutikita maso. Ndinali ndisanawaonepo atatopa chotero.

"Moto uja mbali ina ndayatsa ndine," anatero motsitsa.

"Inu, anti? Munali muno."

"N'chifukwa chake. Anthu awiriwa akanakhala kuti amalankhulana, wina akanati, ndikukawotcha maneti pabwalo paja, mnzake n'kuti, ayi, pitani kumchenga. Zinthu zotere sizidzera mu ofesi, zimanenedwa podutsana pakhomo. Koma ine ndawatsukira bwino kwambiri, mpaka aiwala kuti ali ndi pakamwa. Ndinkasangalala kuti akundifuna. Si zabwino zimenezo."

Panja mawu anali atatsikako. Funso linatuluka lokha, laling'ono.

"Anti, mumadziwa bwanji uthenga wotsuka ndi wosatsuka?"

Anatembenukira kwa ine.

"Wa galimoto, wa tsiku la msonkhano, umenewo tsuka. Chipongwe chake ndi dothi chabe. Koma ulipo wina umene ukautsuka umatsala ndi madzi okhaokha m'manja. Wolandirayo amafunika aone nkhope ya mwini wake, kuti adziwe pokwiyira. Akasowa pokwiyira, asowanso pokhululukira." Anavalanso magalasi. "Bwanji, uli nawo wako?"

Ndinayang'ana pansi. Anti sanandikakamize.

"Chabwino," anatero. "Tola makapu aja akachoka."

Amuna aja sanasanduke mabwenzi tsiku limenelo. A Ephraim ananyamuka pakhonde maso ali psuu, n'kukakhala kutsogolo kwa galimoto. A Killion anakwera kumbuyo pamodzi ndi matumba a machubu. Koma galimoto isananyamuke, a Ephraim anatulutsa mutu pazenera.

"A Killion! Zothirira mwakweza?"

"Ndakweza."

"Kwa amayi aja mukayamba kulankhula ndinu. Ine ndikaima pambali."

"Ndamva."

Anti anaima pakhomo manja ali m'chiuno. "Mnzako akapsa ndevu m'zimire," anakuwa, "makamaka inu a Ephraim, zanu n'zambiri!" Dalaivala anaseka. A Ephraim anapukusa mutu, koma ndinaona dzanja lawo likupita kundevu.

Galimoto itapita, anti anafufuta pabolodi mizere iwiri n'kulemba umodzi: Killion ndi Ephraim, Tukombo. Kenako anakhala pansi n'kuyamba kulemba uthenga wa pa wailesi wokumbutsa asodzi za nyengo yotseka nyanja, ngati kuti tsikulo linali wamba.

Loweruka lake sindinapite ku ntchito. Masana kunagunda bingu loyamba kumapiri, lakutali, ngati munthu akukoka tebulo m'nyumba ya eni. Ama anali pamphasa pansi pa thandala, akusenda chinangwa chovuula, fungo lake lowawasa lili pabwalo ponse. Ada anali pakhonde. Anali atatsitsa chikwama chachikulu chimene chimakhala pamwamba pa kabati, ndipo ankasoka lamba wake ndi ulusi wa ukonde. Ine ndinali pakati, ndikutsuka mbale.

Ama anayang'ana chikwamacho kamodzi, n'kubwezera maso pa mpeni.

"Falesi, afunse abambo ako kuti chikwamacho achitsitsira chiyani. Kapena makoswe achita lendi."

Ndinapukuta manja. Miyendo inanditengera kukhonde mwa chizolowezi, ndipo mutu unali utayamba kale ntchito yake, kuchotsa makoswe, kusiya funso. Ndinagwada.

"Ada, Ama akufunsa kuti..."

Ada anakweza maso. M'masomo munali kudabwa, ndipo pansi pa kudabwako munali chinthu china chimene ndinali ndisanachionepo mwa iwo, ngati cha a Killion pamene ankatsika galimoto. Anazindikira kuti Ama sakudziwa. Masabata onsewa ankaganiza kuti mkazi wawo wamva n'kungokhala chete.

Sindinamalize. Ndinabwerera chammbuyo ndi mawondo mpaka pamene onse awiri akanandimva bwino. Ndinakweza mawu anga kuposa mmene ndinawakwezerapo pabwalo limenelo.

"Ada, uthenga munandipatsa uja sindinaufikitse. Ndayesa kuukonza, wakanika. Ndikupepesa, koma sindiufikitsa. Ndi wanu. Ama ndi awa." Ndinapuma. "Ndatopa kukhala pakamwa panu nonse awiri. Ndikufuna ndizingokhala mwana wanu."

Mpeni wa Ama unaima pakati pa chinangwa. Nkhuku inadutsa pakati pathu ikutolatola makoko, osadziwa kanthu. Ndinadikira kukalipiridwa. Ada anayang'ana singano imene inali m'manja mwawo, anaibaya pa lamba, n'kuika chikwama pansi.

Ama anaika mpeni m'lichero. Anapukuta manja pa chitenje, chala chimodzichimodzi. Kenako anatembenuka thupi lonse, osati kwa ine, n'kukankhira dengu kumbali kuti pamphasa patsale malo.

"Nenani," anatero. "Ndikumva."